Kamumpanda wa Amake Mabvuto

Loweruka lapitali tinakaika mwala pamanda a apongozi anga aamuna, a Damiano Sakala, popeza chaka chakwana chimwalirireni. Mwalawo ndi waung'ono, wa simenti chabe. Akanakhala kuti akuona, akanafunsa kuti anatipusitsa ndani kuti tigule simenti pamene miyala yaulere ili mbwee m'mbali mwa msewu. Anali munthu wotero. Chinthu chogula ankachikayikira, chotola ndiye ankachikhulupirira.

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo woyamba, a Mabvuto, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala pakhomo pawo kuno ku Luangwa, mu Kitwe. Ndinkawaona tsiku ndi tsiku, koma chapatali, monga mmene mkazi amaonera atate a mwamuna wake. Ife akum'mawa, ngakhale tinabadwira pakati pa Abemba, mwambo wopewana ndi apongozi sitinautayiretu, koma ambiri amangouchita pamaso pa alendo. A Sakala ankausunga ngati lamulo la kumgodi. Sanandiyang'anepo m'maso, ndipo dzina langa silinatulukepo pakamwa pawo. Akafuna kundiuza kanthu, ankauza mtengo wa mango umene uli pakati pa bwalo. "Mango iwe, kodi madzi osamba anasamuka pakhomo pano?" Ine ndili pomwepo, mbale zili m'manja. Nanenso ndinaphunzira kuyankha mtengo womwewo: "Mango, uwauze kuti ali pambaula." Alendo ankatiyang'ana ngati tonse awiri mitu inazungulira.

A Sakala anachoka kwawo ku Katete ndevu zisanamere, ndipo mphamvu zawo zonse anazisiya pansi pa nthaka, akuboola miyala. Kumgodiko anatulukako ndi chifuwa chosamva mankhwala, chisoti cholimba chija amavala anthu a pansi, ndi kandalama kamene anagulira malo ano. Koma mgodi sunatuluke mwa iwo. Ankadzuka sikisi koloko isanakwane, n'kuvala jombo ngakhale kulibe kopita. Akalowa m'nyumba ya eni, maso ankayamba apita kudenga asanapereke moni. Ngakhale kutchalitchi, asanagwade, ankayamba aunguza m'mwamba. Ankati mwala umene umapha munthu ndi uja ukuoneka kuti wagwira bwino. Ntchito iliyonse ankaitcha shifiti, ngakhale kumeta ndevu.

Kukangana ndiye kunali ndiwo yawo. Mnzawo wokangana naye wa tsiku ndi tsiku anali Bashi Chanda, Mbemba wa nyumba yoyandikana nafe, nayenso wopuma kumgodi. A Sakala Chibemba ankachilankhula bwino kumsika ndi m'basi, koma pakhomo pawo iyayi. Bashi Chanda ankapereka moni m'Chibemba, iwo n'kuyankha m'Chinyanja, zaka zonsezo, popanda wogonja. Paja Abemba ndi ife akum'mawa pali chimbuya, timanyozana popanda mlandu. Wina ankati "iwe wodya mbewa," mnzake n'kuti "iwe wodya anyani," kenaka n'kupatsana fodya wa mphuno pamwamba pa mpanda.

Anthu amene anawadziwa kumapeto amawakumbukira ngati mdala wa dimba, uja ankathirira masamba ndi chisoti cha kumgodi. Ndikamva akuwatama kuti anali ndi dzanja la mbewu, ndimaseka chamumtima. Munthu uja mpaka imvi zitadzaza mutu sankasiyanitsa bonongwe ndi chisoso. Ndiwo ankazidziwira m'mbale, zitapsa kale.

Dimba linali la akazi awo, amake Mabvuto. Lili kuseri kwa nyumba, kutsetsereka mpaka kukafika pangalande. Amayi aja analibzala zonse: kholowa, chigwada, luni, therere, maungu, matimati, mtengo wa mandimu pakona. Koma chimene ankanyadira chinali kamumpanda, nyemba zija zimayanga pampanda, zamawangamawanga, zazikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Mbewu yake anachoka nayo kwa amayi awo ku Katete, atamanga pakona ya chitenje, tsiku limene ankabwera kudzakhala ndi mwamuna wawo kumigodi. Munthu wopempha mbewu sankamumana, ndipo ndalama sankalandira. Ankati kupatsa n'kuika. Lamulo lawo linali limodzi lokha: mbewu upemphe ndi pakamwa pako, usatume munthu, usathyole podutsa. Ankati mbewu yoba imachita manyazi, simera.

Atamwalira amayi aja m'pamene panabuka nkhani ya alamu anga Esinati, mwana wawo wamkazi yekhayo. Esinati anali atakwatiwa ku Ndola, n'kutsatira mwamuna wake ku mpingo wina, uja wa anthu oyenda awiriawiri m'makomo ndi timabuku. A Sakala, munthu wa korona m'thumba, zinawawawa, koma anameza. Pamaliro Esinati anagwira ntchito zonse, anatunga madzi, anaphika, analira mpaka mawu kutha. Koma bokosi litalowa m'tchalitchi, iye anaima panja, padzuwa, mpaka Misa kutha, poti chikhulupiriro chake sichimulola kulowamo. A Sakala anamuona kudzera pawindo. Pobwera kumanda anangonena kamodzi, pamaso pa anthu, kuti amene wasiya amake okha m'tchalitchi pakhomo pano palibe chake. Esinati ananyamula kachikwama kake n'kupita. Sanabwerenso, ndipo iwo sanamutchulenso.

Dimba nalo analitseka. Anamanga kachitseko kake ndi waya, n'kuuza mango kuti asaone munthu akulowamo. Zaka zinapita. Tsekera anakula kupitirira munthu, minga inalukana, magwafa anamera okha paliponse, chitedze chinakwera mandimu mpaka ana a m'komboni, amene saopa kanthu, analeka kudumphiramo. Nkhuku za Bashi Chanda zinkaikira mmenemo. Tinaphapo njoka pakhomo la khitchini kangapo konse. Ine ndinkagula repu wofota kumsika, nthaka ili kuseri kwa nyumba yanga. Ndinkadandaula kwa amuna anga, kwa mango sindinkayerekeza.

Kenaka ntchito ya a Mabvuto kwa kontrakita inatha. Ana ali pasukulu, unga ukukwera mwezi ndi mwezi. Kuno aliyense amene ali ndi kamalo kuseri amamanga zipinda za lendi, ndipo amuna anga anatenga malipiro awo omaliza n'kugula mabuloko. Lole inawatsitsa m'mbali mwa dimba, anawasanja bwinobwino mulu wofika m'khosi. Ine ndinali mbali ya zipinda, ndipo mpaka lero ndimati amuna anga sanalakwe.

"Atate, thengo ili silidyetsa munthu," anatero a Mabvuto madzulo ake. "Manje tingofa ndi njala tikuweta njoka?"

"Si thengo ilo. Ndi dimba la amako."

"Linali dimba. Amayi akanaliona lero akanalira."

Mawu amenewo anawalasa. A Sakala anayang'ana mabuloko aja, kenaka anati, "Undipatse mvula imodzi. Likapanda kubwerera mwakale, umange zipinda zako." A Mabvuto anavomera msanga, poganiza kuti mdala wa chifuwa sangathe ngakhale sabata.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Sakala analowa ndi chikwakwa m'mawa umodzi, chitedze chinawalandira, anatuluka akudzikanda ngati galu wa nthata. Tsiku lotsatira ndinawaona akufunafuna machesi. Ndinapita pamtengo paja n'kunena mokweza kuti, "Mango, uwauze kuti pampanda wa kumusi pali nyemba zouma, ayambe athyola." Ndinkaziona ndikamayanika zovala. Iwo anayankha kuti mango asamvere za akazi, kumgodi mwala saunyengerera, amauphulitsa. Bashi Chanda naye anasuzumira pampanda n'kuwauza kuti otentha minda eni ake ndi Abemba, adikire mphepo igone madzulo, ndipo ayambe alambula m'mbali. "Wodya anyani andiphunzitse moto ine?" Anakhwatcha machesi masana dzuwa lili paliwombo.

Abale, moto uja! Unadya tsekera ndi minga, unakwera mandimu, unagwira mpanda wonse, unanyambita denga la khola la nkhuku za Bashi Chanda. Pampopi tsiku limenelo panalibe ngakhale dontho. Anthu anathamanga ndi nthambi ndi madzi otsukira mbale, ena akutukwana m'Chibemba. Moto utafika kumpanda wa kumusi kunamveka thu! thu! thu! ngati chimanga chokazinga. A Sakala anaima ndi nthambi m'manja, akutsokomola, n'kufunsa mango kuti chikuphulika n'chiyani. Ndinati, "Mango, uwauze kuti ndi kamumpanda wa amayi." Zaka zonsezo nyemba zija zinkadzibzala zokha m'thengomo, popanda wozithirira, ndipo zinathera pa machesi amodzi.

Sanalire, sanapepese munthu. Anayenda m'phulusa ndi jombo zawo, akufukula ndi kamtengo, n'kutola tinyemba topserera timene tinkafumbutuka m'zala. Anayembekeza mvula yoyamba kuti mwina muzu uphukanso. Kunaphuka tsekera, kunamera chisoso, bonongwe anadzaza paliponse, koma kumpanda kunali zii. Ndipo ndi iwo eni amene anadzimangirira chingwe m'khosi. Anaitana a Mabvuto n'kuwauza kuti dimba lopanda kamumpanda si la amake, ndi munda chabe, ndipo munda chabe saulimbira. Nyemba zija zikapanda kuyanga pampanda mvula imeneyo isanathe, mabuloko alowe. Amuna anga anati zimenezo sanapemphe. Iwo anati mawu atuluka kale.

Ndalama yogulira kanthu panalibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo sakanaitulutsa. Khasu la akazi awo analipeza m'phulusa, mpini utapsa, anasema wina wa mtengo wa gwafa. Zitsa anazikumba mmodzimmodzi, shifiti ya m'mawa yokha, chifukwa ikamakwana teni koloko chifuwa chinkawakhazika pansi. Nthaka ya kuno ndi yotopa, yowawasa, ndiye anayamba kututa dothi la pachulu chachikulu chimene chili kuseri kwa bwalo la mpira, pa wilibala yotola kudzala imene anaiika tayala la njinga ya mwana. Fumbi la makala ankakasesa kwa amayi ogulitsa malasha pamsewu. Panali dalaivala wina, mwana wa mnzawo wa kumgodi, amene ankanyamula laimu, ufa wa miyala uja wothira m'nthaka yowawasa, kuchokera cha ku Bwana Mkubwa. Lole ikaima, iwo ankakwera kumbuyo ndi tsache n'kusesa zotsalira m'makona. Manyowa anakalanda kwa Bashi Chanda, munthu amene anamutenthera khola. Anati nkhukuzo zadya m'dimba mwawo zaka zambiri, tsono zibweze. Bashi Chanda anatukwana mpaka thovu, kenaka anatumiza matumba awiri.

Madzi ndiye anatisautsa nawo. Otsukira mbale, otsukuluzira zovala, ngakhale osambitsira ana, onse ankayenera kuthiridwa mu dilamu la kuseri. Ukataya pansi, mango ankamva zowawa tsiku lonse. Chothiririra analibe, ndiye anatenga chisoti chawo cha kumgodi, chimene kale ngakhale mdzukulu sankaloledwa kuchikhudza, n'kuchiboola ndi msomali wamoto. Mpanda watsopano anazika timitengo ta mabulosi tatiwisi kuti tiphuke, n'kumanga ndi waya wa m'matayala otentha.

Chinthu chimodzi moto uja unawaphunzitsa. Sanazulenso chomera chilichonse asanadziwe dzina lake. Ankabwera ndi katsamba m'manja, n'kukaika pamuzu wa mango, iwo n'kutembenukira kumbali. "Mango, ichi n'chodya kapena n'chopusa?" Ine ndinkati luni, asiye, kapena khovani, azule. Tinagwira ntchito choncho mpaka mizere inaoneka.

Mbewu anachita kupempha. Munthu amene sanapemphepo mkazi ngakhale mchere anavala jekete la kutchalitchi n'kuyamba kuyenda m'makomo mwa amayi a mphakati wathu. Kulikonse ankabwerako ndi kanthu, uku mphukira za kholowa, uku mitengo ya chigwada, uku nthanga za maungu zokulunga m'pepala, ndipo kulikonse ankauzidwa mawu amodzimodzi: "Tengani, atate, n'za akazi anu zomwe. Anatipatsa ndi iwo." Ankabwera madzulo ngati munthu amene wauzidwa kuti mkazi wake anali ndi chuma kwina iye osadziwa. Koma kamumpanda sanapezeke. Amene anali naye anali atamudula pomanga mipanda ya njerwa, ena mbewu inafumbwa. Mayi wina wokalamba wa m'kwaya, wosaopa munthu, anawauza maso ndi maso kuti aleke kutha jombo, nyembazo zili ku Chipulukusu kwa Esinati, amake anamupatsa pokwatiwa. A Sakala anafunsa za mtengo wa feteleza, ngati sanamve.

Khirisimasi inapita. Repu anayamba kudyeka, maungu anayala, anthu odutsa anayamba kuima pangalande n'kumaloza. Koma mpanda unali mbee, ndipo nthawi yobzala inali kutha. A Mabvuto anasiya kutchula za zipinda, koma mabuloko ankalankhula okha. M'mawa wina wa Januwale a Sakala anavala jekete lija ndi chipewa, n'kuuza mango kuti akupita kuchipatala kukapimitsa chifuwa.

Zimene zinachitika tsikulo ndinazimva kwa alamu anga Esinati. A Sakala eni ake sanazinenepo, ngakhale kwa mtengo. Anakwera lole ya laimu ija, inawatsitsa mu Ndola, n'kuyenda pansi mpaka ku Chipulukusu. Amene anafikako akudziwa mmene nyumba zinapanikizirana, tinjira tokhotakhota, matope mpaka m'akakolo nthawi ya mvula. Nyumba ya mwana wawo anali asanaionepo, ndipo dzina lake sakanalitchula kuti afunse. Anangoyenda akuyang'ana mipanda. Dzuwa litapendeka anaupeza: mpanda wa malata akale, wokutidwa ndi kamumpanda kuyambira pansi mpaka pamwamba, zikhokhombe zili lendelende mpaka kunjira, poti Esinati ankathirira chaka chonse ndi madzi ochapira.

Anadutsa, anabwerera, anadutsanso. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kuthyola za kunja kwa mpanda, akuponya m'matumba a jekete. Mayi wina wogulitsa matimati pakhomo loyang'anana nalo anakuwa kuti, "Kabolala! Kabolala!" Ku Chipulukusu mukakuwa wakuba, nyumba zimakhuthuka nthawi yomweyo. Anyamata anabwera ndi mitengo, wina anawagwira jekete kukhosi, chipewa chinagwera m'matope, nyemba zinamwazika. Ankawafunsa kuti ndinu ndani, mwachokera kuti, mdala wamkulu ngati inu mulibe manyazi? Akanangoti ndine bambo wa mwini nyumba, zikanathera pomwepo, koma a Sakala anasankha kumenyedwa.

Esinati anatuluka thovu la sopo lili m'manja. Akuti anayamba kuona jombo, n'kuzizindikira asanaone nkhope. Anakankha anthu n'kuima patsogolo pawo. "Balekeni! Ni batata aba!" Anthu atamva kuti ndi atate ake anayang'anana, ena anayamba kuseka kuti taonani zaka zino, kholo kuba kwa mwana wake. Mayi wa matimati anatola chipewa, anachipukuta ndi chitenje, n'kupepesa.

M'kati mwa mpanda Esinati anawapatsa kampando, iye anagwada chapatali n'kupereka moni. Iwo anayang'ana denga la nyumbayo, malata opanikizidwa ndi miyala, n'kunena kuti denga limenelo lidzapha munthu. Ndiwo anali mawu awo oyamba patapita zaka zonsezo. Esinati anatola chikhokhombe chimodzi chimene chinatsalira m'thumba la jekete, n'kuchitsegula ndi chala.

"Atate, izi n'zaziwisi. Ngakhale mukanafika nazo ku Kitwe, sizikanamera."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo la nyemba zouma zosakaniza ndi phulusa. Sanawapatse. Analiika pamiyendo pake, n'kulifungatira ndi manja onse awiri.

"Lamulo la amayi mukulidziwa."

Alamu anga amati mtima wawo unali utauma tsiku limenelo, ankafuna mdalayo alawe dzuwa limene iwo anaima nalo panja pa tchalitchi. A Sakala anatsokomola nthawi yaitali. Kenaka anavula chipewa chamatope chija, anachiika pabondo, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wofika pakhomo pa akulu.

"Amake Yotamu, ndabwera kudzapempha mbewu."

Yotamu ndi mwana woyamba wa Esinati. Anabadwa amake Mabvuto atamwalira kale, ndipo agogo akewo anali asanamuonepo, sanatumizepo ngakhale sopo, sanafunsepo kuti kwabadwa mwana wanji. Dzina analimva kuti, analisunga liti, palibe akudziwa. Esinati akuti anangoona botolo lapendekeka lokha, nyemba zonse zili m'chipewa, iye akulira ngati pamaliro. Iwo anatapa theka n'kubwezera m'botolo, n'kunena kuti mbewu samaliza kwa mwini wake.

Anafika kuno dzuwa litalowa, jekete litang'ambika paphewa. Anauza mango kuti kuchipatala kunali mzere wautali. M'mawa mwake ndinawaona akubzala m'mphepete mwa mpanda, ziwiriziwiri, akuboola ndi chala, atagwada m'matope. Mbewu zotsala anazithira m'botolo la mankhwala a chifuwa n'kuliika pamuzu wa mango, kuti mtengowo usunge penapake pouma. Ndili nalo mpaka lero.

Pofika Isitala mpanda wonse unali utabiriwira, maluwa ali tayale. A Mabvuto anaima kumusi kuja manja ali m'thumba, anaona, n'kubwerera. Mwezi wotsatira anapeza ganyu yoyendetsa katundu, tinapitiriza kukhala movutikira monga kale, kungoti ndiwo sitinagulenso. Mdala uja anadya za m'dimba lake mvula zinayi. Sanasinthe khalidwe. Ankakanganabe ndi Bashi Chanda za nkhuku, ankakanabe mankhwala ogula ophera tizilombo n'kumathira phulusa ndi tsabola, ndipo amayi obwera kudzapempha mbewu ankawaumiriza kunena ndi pakamwa ngakhale ataona kale chimene adzera.

Esinati anayamba kubwera, poyamba yekha, kenaka ndi ana. Za tchalitchi sanagwirizanepo. Akayamba nkhani ya Mulungu, ife tinkachotsa mbale patebulo. Koma akatopa kukangana ankatsikira limodzi kudimba, mwana akuwauza atate ake kuti abzala mothinana, iwo akuyankha kuti sanafunse.

Chifuwa chinawagwetsa nthawi yozizira. Masiku omaliza sankatha kufika kudimba, tinkawakhazika pampando pansi pa mango, atafunda bulangeti, akuyang'ana kumusi. Tsiku lina masana ndikusesa pafupi, ndinamva akuti, "Mango." Ndinaima. "Tsiku langa likafika, pali munthu adzaima panja pa tchalitchi. Amutulutsire mpando, aike pamthunzi. Miyendo yake ndi ya amake, imatupa." Ndinayankha kuti mango wamva. Limenelo ndilo linali pempho lawo lomaliza kwa ine, ngati tingati linali kwa ine.

Pamaliro Abemba anachita chimbuya chawo mokwanira. Anatipaka ufa kumaso, ndipo Bashi Chanda anavala chisoti chobooka chija n'kumayenda akuunguza kudenga, akulamula mitengo, mpaka anamfedwa tinaseka misozi ili m'masaya. Atatha anakakhala yekha kuseri kwa khola lake, ndipo sanadye tsiku limenelo. Bokosi litalowa m'tchalitchi, ine ndinatuluka ndi mpando wapulasitiki n'kuuika pansi pa mtengo, pafupi ndi windo. Esinati anati aima, sanatope. Ndinamuuza kuti si ine ndanena, ndi atate. Anandiyang'ana, kenaka anakhala.

Dimba lilipo, koma likuonetsa kuti mwini wake kulibe. Ndimalima mizere ya kumtunda yokha, kumusi tsekera wayambanso kusuzumira. Dilamu lachita dzimbiri pansi, likudontha. Wilibala yagona chafufumimba pangalande, tayala lake lanjinga lili m'mwamba. Kanjira kamene jombo zawo zinaponda kuchokera pakhomo mpaka kumpanda kakuonekabe, koma kakuchepa. Chisoti tinachipachika pamsomali wa pamango, ndipo mvula ikagwa chimadontha m'timabowo take chokha, kuthirira pansi popanda chomera.

Mabuloko ali pomwe lole inawatsitsa. Tsopano palibe wotiletsa kumanga, ndipo lendi tikuifunabe kuposa kale. Koma kamumpanda anachoka pampanda n'kukwera mulu wonsewo, analowa m'mabowo, anaukuta mpaka munthu wachilendo sangadziwe kuti pansi pake pali simenti. Pobwera kumanda Loweruka ndinafunsa amuna anga kuti nanga zipinda tiyamba liti. Anayang'ana muluwo nthawi yaitali, n'kunena kuti nyembazo zikadali zaziwisi, tidikire ziume. Chaka chatha ananenanso chimodzimodzi.

Ndikamasesa m'mawa ndimapezeka ndayamba kuti, "Mango, uwauze kuti madzi apsa." Mtengo uli chilili, mpando palibe, ndipo madziwo ndimakawathira mu dilamu la kuseri.